Tifunseni: Ana akungondijambulira phiri la makona atatu, nditani?

FUNSO: Ndine mphunzitsi wa Sitandade 5 kuno ku Mulanje, ndimaphunzitsanso Expressive Arts. Alamu anga a ku Johannesburg ananditumizira mabokosi atatu a choko chofewa chojambulira chija amati ma pastel, ndiye pa Facebook ndinaona zithunzi za malo zooneka ngati sanazimalize koma zokongola heve, akuti ndi impressionism. Nditawapatsa ana kuti ajambule phiri lathuli aliyense anangolemba makona atatu, dzuwa pakona lili ndi timiyendo, kenako nkutikita ndi zala mpaka pepala lonse matope okhaokha. Ndiyambire pati? Mphunzitsi, Mulanje

YANKHO: Aphunzitsi, dzuwa la timiyendolo tonse tinalijambulapo, musadandaule. Vuto ndi loti mwana amajambula zimene akudziwa kale m'mutu, osati zimene maso ake akuona, ndipo anthu a impressionism aja nkhondo yawo inali yomweyi.

Zinayambira ku France. Mu 1874 gulu la ojambula, mwa iwo Claude Monet, Edgar Degas, Camille Pissarro ndi mayi wina Berthe Morisot, linapanga chionetsero chakechake ku Paris litatopa ndi akuluakulu a chionetsero cha boma chotchedwa Salon, omwe ankafuna zithunzi zosalala bwinobwino. Monet anabweretsa chithunzi cha doko la Le Havre m'bandakucha, chomwe anajambula mu 1872 nkuchitcha Impression, soleil levant. Mtolankhani wina, Louis Leroy, anatenga dzinalo nkumawaseka nalo, eni ake nkungolilandira, basi dzina loti impressionism lakhala mpaka lero. Chithunzicho chifufuzeni pa intaneti muwaonetse ana olo pa foni pomwepo. Dzuwa ndi kadontho ka olenji, kuwala kwake pamadzi ndi timizere tingapo tofupikitsa, mabwato ndi timadontho takuda, koma ukaima patali umaona m'mawa weniweni wa nkhungu.

Ndiye tsiku loyamba choko chisiyeni mu ofesi. Tulukani nawo panja cha m'ma 7 koloko, ayang'ane phirilo atatsinzina pang'ono kuti tizinthu ting'onoting'ono tisowe, muwafunse kuti ndi la mtundu wanji. Ayankha kuti lobiriwira poti akudziwa kuti kuli mitengo. Afunseninso. Pakapita kanthawi wina anena mwamanyazi kuti koma likuoneka labuluu, winanso kuti kumusi kuli ngati pepo, apo ndiye phunziro layamba. Mubwerenso nawo poweruka aone kuti phiri lomwelo lasintha malaya. Monet anajambula milu ya tirigu ya pafupi ndi kwawo ku Giverny maulendo oposa 20 pakati pa 1890 ndi 1891, milu yomweyomweyo, chimene ankasaka ndi kuwala kwa m'mawa, kwa madzulo, kwa nyengo yozizira. Inu muli ndi mwayi, minda ya tiyi ili pakhomo, ndipo mu Okutobala utsi wa moto wa m'tchire umafiiritsa dzuwa mpaka mwana amakhoza kuliona kuti si lachikasu nthawi zonse.

Tsopano za matope zija. Pepala loyera losalala la mu kope silikoka choko, fumbi limangoterereka. Pezani lokhakhala komanso losayera, la khaki lokutira makope lija limagwira bwino ntchito, ngakhale la mkati mwa thumba la simenti mutalikuntha. Chokocho chithyoleni pawiri kapena patatu, ndikudziwa zikuwawani poti ndi mphatso koma chimagwira bwino chikakhala chachifupi, komanso chikwanira ana ambiri. Achigoneke cham'mbali popaka thambo ndi phiri, mopepuka, osakanikiza. Pensulo ayi, rula ayi, mzere wozungulira chinthu ayi. Ayambe ndi mitundu yoderako, yowala ibwere pamwamba, choyera ndi chachikasu pomalizira penipeni. Chala chiloledwe kamodzi kokha, pa thambo poyamba paja, kenako manja m'thumba kkkk. Zotsalazo ndi timizere tifupitifupi togundizana, buluu pambali pa wobiriwira, pinki pambali pa olenji, mitunduyo ikasakanikirane m'maso mwa woonera osati papepala.

Ine ndikanakhala inu choko chakuda ndikanachibisa sabata zoyambirira. Mthunzi wa mtengo aupake ndi buluu kapena pepo, muona chithunzi chikudzuka. Za kutali zikhale zotuwa ndi zabuluu, za pafupi zowala kwambiri. Mwana aliyense mitundu isanu kapena isanu ndi umodzi yakwana, mphindi 20 basi, kenako zithunzizo muzimate pakhoma aime kumbuyo kwa kalasi aziyang'ana. Pomaka musayang'ane amene phiri lake lafanana ndi la pa kalendala, yang'anani amene mungadziwe kuti anajambula nthawi yanji ya tsiku.

Fumbi asamaliuzire ndi pakamwa, makamaka ngati muli ndi ana a mphumu, angoimika pepala nkuligogoda pa nyuzipepala. Kuti chisafufutike ena amapopera sipuleyi ya tsitsi chapatali, panja, wamkulu ndiye apopere, kungoti imaderetsako mitundu. Kapena ingoikani pepala lina pakati pa zithunzizo posunga.

FUNSO: Ife kwathu ma pastel sitingawapeze, choko cha mitundu cha pa bolodi chingagwire? Kholo, Chipata

YANKHO: Chigwira amayi kapena abambo, kungoti ndi cholimba ndipo mitundu yake ndi yotuwa. Chiviikeni mphindi zochepa m'madzi a shuga, mwana ajambule chikadali chonyowa pa pepala loderako, chimawala bwino ndipo sichiyoyoka kwambiri chikauma. Nyerere zokha muzichenjera nazo, zithunzizo musazisiye pansi usiku.