Mwana akafunsa kuti khanda lalowa bwanji m'mimba

Mayi wina wa ku Rosettenville, kuno ku Joni, andilembera imelo. Ndi oyembekezera, ndipo mwana wawo wamkazi wa zaka 6 wawafunsa kuti khanda lalowa bwanji m'mimba komanso lidzatulukira pati. Bambo a m'nyumbamo akuti angomuuza kuti akaligula kuchipatala.

Amayi, yankho la bambowo ndi lomwenso ine ndinapatsidwa mlongo wanga atabadwa, ndipo ndinalikhulupirira ndi mtima wonse. Mayi anga sankandida pondiuza zimenezo. Ankadziwa kuti tsiku lina azakhali ndi anankungwi adzandikhazika pamphasa n'kundilangiza, popeza kwathu nkhani zotere sizichokera pakamwa pa kholo lokubereka. Koma ulangiziwo unkafika mtsikana atatha msinkhu, ndipo kwa ena unkafika mochedwa. Mnzanga amene tinkapita naye limodzi kumjigo anatenga pakati asanamalize pulayimale, ndipo mimba itayamba kuoneka ankalira kuti wadwala kapena walodzedwa, chifukwa panalibe amene anamuuzapo kuti zimene ankamuchita mwamuna wamkulu wa m'mudzimo zimabweretsa mwana. Akuluakulu anamukalipira ngati kuti ankadziwa. Mpaka lero nkhaniyi imandiwawa.

Tsono kuno ku Joni azakhaliwo ali kuti? Ambirife tinawasiya ku Mangochi, ku Mzimba kapena ku Nkhata Bay, ndipo timangolankhula nawo pa WhatsApp. Mabanja ambiri akukhala m'chipinda chimodzi chogawidwa ndi katani, pamene mwana amamva ndi kuona zambiri kuposa zimene makolo akuganiza. Tasunga mbali imodzi ya mwambo, ija yoti kholo likhale chete, koma mbali ya alangizi inatsala kumudzi. Malo awo atengedwa ndi foni ndiponso anzake a kusukulu.

Ena amati sukulu idzamuphunzitsa. N'zoona kuti m'dziko lino maphunziro a zakugonana akhala ali m'phunziro la Life Orientation kuyambira mu 2000, koma mphunzitsi sangalowe m'malo mwa mayi amene mwana wamusankha yekha kuti amufunse. Ena amati kumuuza zoona n'kumuphunzitsa chiwerewere, ndipo amenewa sindigwirizana nawo ngakhale pang'ono. Dipatimenti ya zaumoyo ya Gauteng inanena kuti pakati pa Epulo 2020 ndi Marichi 2021, atsikana 934 a zaka 10 mpaka 14 anabereka m'chigawo chino. Lamulo la South Africa limati mwana wosakwana zaka 12 sangavomereze kugonana m'njira iliyonse, choncho pakati pa ana amenewa pali ogwiriridwa. Wogwirira amakonda mwana wosadziwa mayina a ziwalo zake, amene anaphunzitsidwa kuti nkhani zimenezi n'zolaula, chifukwa mwana wotero sakanena kwa munthu. Bodza la kuchipatala limaoneka laling'ono, koma mwana akadzalitulukira amaphunzira kuti pa nkhaniyi mayi ake sanena zoona, ndipo sabweranso kudzafunsa.

Zimene mungamuuze

Yambani mwamufunsa kuti iye akuganiza bwanji, kenako muyankhe zimene wafunsa zokha. Muuzeni kuti khanda limayamba pamene mbewu ya bambo yakumana ndi kadzira ka mayi, ndipo limakula kwa miyezi 9 m'chiberekero, osati momwe mumapita nsima. Muonetseni mchombo wake kuti adziwe pamene ankalandirira chakudya ali m'thupi mwanu. Likadzakhwima lidzatuluka kudzera pa njira ya kumaliseche kwa mayi, kapena madokotala adzalitulutsa pochita opaleshoni. Ana ambiri a msinkhu wake amakhutira pamenepa. Akafunsa kuti mbewuyo imafika bwanji, nenani kuti matupi a bambo ndi mayi amakumana mwa njira ya akuluakulu okha, ndipo muwonjezere kuti palibe aliyense, ngakhale wachibale, woyenera kumugwira kumaliseche, ndipo zikachitika akuuzeni, simudzamukalipira. Nambala ya Childline, bungwe lothandiza ana ochitiridwa nkhanza, ndi 116, ndipo ndi yaulere. Gwirizanani ndi bambowo musanalankhule ndi mwanayo, kuti asamve mayankho awiri osiyana m'nyumba imodzi.