Musanathamangire ku Egypt, taganizirani za Kilwa

Achemwali, mwafunsa kuti ndi malo ati kunja kwa Zimbabwe amene ali ndi mabwinja akale oyenera kukawaona, makamaka amene satchulidwatchulidwa, popeza mwasunga kangachepe ndipo aliyense amene mwamufunsa akungokuuzani za Egypt. Ndikuyankhani monga munthu amene ndayendako pang'ono kuchokera kuno ku Harare, nthawi zambiri pa basi, ndipo yankho langa ndi Kilwa Kisiwani, kachilumba ka kummwera kwa Tanzania.

Sindikunyoza Egypt ayi. Mapiramidi a ku Giza ndi aakuludi monga momwe amanenera, koma tikiti ya ndege yokha ingathe kumeza ndalama zonse zimene mwasunga, ndipo mukafika mumakhala pakati pa chikhamu cha alendo ndi ogulitsa malonda amene sakupatsani mpata woti muime phee n'kuyang'ana. Ku Kilwa tsiku limene ndinapitako tinalipo alendo atatu okha, kuwonjezera pa mbuzi zimene zinkadya msipu m'mbali mwa makoma.

Koma musanapite kumeneko, ngati simunafikepo ku Great Zimbabwe, yambani mwapita ku Masvingo, ngakhale kuti si kunja. Ambiri a ife takulira mu Mbare, mu Highfield kapena ku Mabvuku, nsanja ya miyala ija timangoiona pa zithunzi, chikhalirecho ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 300 okha. Ndikunena izi chifukwa malo awiriwa ndi nkhani imodzi. Golide amene ankakumbidwa m'dziko lino zaka za m'ma 1200 ndi 1300 ankatsika kupita ku doko la Sofala, kufupi ndi kumene kuli Beira lero, ndipo amene ankalamulira malonda a pa Sofala anali mafumu a ku Kilwa. Ofukula zakale anapeza ku Great Zimbabwe kakhobidi kamkuwa kolembedwa dzina la al-Hasan ibn Sulaiman, yemwe anali mfumu ya ku Kilwa, pamodzi ndi mikanda yagalasi ndi zidutswa za mbale zochokera ku China ndi ku Persia. Mukaona kaye kumene golideyo ankachokera, ndiye kuti mukakafika ku Kilwa mudzakhala mukuona zimene anamangira.

Kuti mufike pachilumbapo mumayamba mwafika ku Dar es Salaam, kenako n'kukwera basi yolowera kummwera, makilomita pafupifupi 300, mpaka pa tauni ya Kilwa Masoko. Pamenepo ndi pamene pali malo ogona, ndiponso pamene mumalipira chilolezo ndi kupeza wokuperekezani. Chilumbacho chimaoneka tsidya, ndipo bwato silitenga nthawi yaitali. Ine ndinalakwitsa posafunsa za nthawi imene nyanja imaphwera. Tinafika madzi atabwerera kutali, bwato linaima panjira, ndipo ndinatsika nsapato zili m'manja, thalauza nditapinda mpaka m'mawondo, n'kumaponda matope ofunda pakati pa mizu ya mitengo ya m'mphepete mwa nyanja, ana a pachilumbapo akundiseka. Ife ozolowera nyanja ya Malawi timaiwala kuti nyanja yamchere imadzaza n'kuphwera tsiku lililonse.

Chimene chimayamba kukugwirani mtima ndi mzikiti waukulu. Unamangidwa ndi miyala ya m'nyanja ndi laimu, ndipo mbali ina denga lake likadalipo, lokhala ndi timadenga tozungulira ngati miphika yovundikira, tokhazikika pa mizere ya nsanamira. Kunja kumatentha koopsa, koma mukangolowa mkati mumamva kuzizira, ndipo mawu anu amamveka ngati mukulankhulira mu mtsuko. Ndinakhala pansi pamenepo kwa kanthawi osanena kanthu, ndipo wondiperekeza uja sanandifulumize.

Mukayenda pang'ono kulowera kummawa mumafika pa Husuni Kubwa, nyumba yachifumu imene anamanga al-Hasan ibn Sulaiman yemwe uja chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1300. Ili pamwamba pa phompho loyang'ana kunyanja, ili ndi bwalo lalikulu la malonda lozunguliridwa ndi zipinda zosungiramo katundu, makwerero otsikira kumene ngalawa zinkakocheza, komanso dziwe losambiramo la ngodya 8 limene mpaka lero likuoneka bwinobwino. Woyenda wotchuka wa ku Morocco, Ibn Battuta, anafika ku Kilwa mu 1331 ndipo anautamanda mzindawo chifukwa cha kukongola kwake. Apwitikizi anaulanda mu 1505 motsogozedwa ndi Francisco de Almeida, ndipo kufupi ndi pokocheza mabwato pali linga lotchedwa Gereza, limene iwo analiyamba koma ena anadzalimanganso pambuyo pake. Ngati muli ndi tsiku lina komanso ndalama ya bwato, pitani pa chilumba cha Songo Mnara, pamene pali mabwinja a nyumba zambiri ndi mizikiti. Bungwe la UNESCO linaika Kilwa Kisiwani ndi Songo Mnara pa mndandanda wake wa malo ofunika kwambiri padziko lonse mu 1981.

Pali chinanso chimene chimatikhudza ife amene makolo athu anachokera ku Malawi. Kumtunda, chakumpoto kwa Kilwa Masoko, kuli tauni yakale ya Kilwa Kivinje, ndipo m'zaka za m'ma 1800 kumeneko n'kumene kunkathera njira ya akapolo ndi minyanga ya njovu yochokera ku nyanja ya Malawi. Anthu ogwidwa m'midzi ya kwathu ankasonkhanitsidwa ku Nkhotakota kwa Jumbe, kuwolotsedwa nyanja pa ngalawa, kenako n'kuyenda pansi mpaka kugombe. Lero kuli nyumba zakugwa zimene mitengo yamera m'makoma mwake, asodzi akuyanika nsomba pafupi. Si malo okajambulitsa zithunzi mukumwetulira, koma sindingakulangizeni kuti mufike ku Kilwa n'kubwerera osapondako.

Za kayendedwe, pasipoti ya Zimbabwe kapena ya Malawi siifuna viza polowa mu Tanzania pa ulendo wokacheza. Mungadzere ku Chirundu ndi ku Lusaka, n'kukakwera sitima ya TAZARA ku Kapiri Mposhi, imene imayenda makilomita 1,860 kukafika ku Dar es Salaam, koma muipatse masiku okwanira chifukwa ndi ulendo wa usiku uwiri. Mungadzerenso ku Malawi, kuona abale, n'kutulukira pa chipata cha Songwe kupita ku Mbeya. Pewani miyezi ya Malichi mpaka Meyi chifukwa kugombe kumagwa mvula yambiri. Anthu a pachilumbapo ndi Asilamu, choncho chitenje ndi mpango zikuthandizani, ndipo Chiswahili chisakuopseni, pakuti mawu ngati nyumba, moto ndi nyama ndi omwewo.

Ngati ndalamazo sizifika pamenepo, pali malo awiri apafupi. Mapungubwe ali ku South Africa, kumadzulo kwa Musina, pamene mtsinje wa Shashe umathira mu Limpopo. Ufumu wa pamenepo unalipo Great Zimbabwe isanakule, ndipo m'manda a paphiripo ndi mmene munapezeka kachipembere kagolide kamene kakusungidwa ku yunivesite ya Pretoria. Ndinene mosabisa kuti amene akufuna makoma ataliatali akakhumudwa, chifukwa chokaona kwenikweni ndi phirilo ndi nyumba yosungiramo zakale. Kwina ndi Ilha de Moçambique, m'chigawo cha Nampula, limene linali likulu la Mozambique mpaka 1898. Mumalowa pa mlatho wautali makilomita oposa atatu, ndipo kumapeto kwa chilumbacho, kuseri kwa linga la São Sebastião, kuli katchalitchi kamene kanamangidwa mu 1522.

Mwina ena museka ndikatchula Dedza ngati kunja, koma kwa mwana wobadwira ku Mufakose kumeneko n'kunja ndithu, pakuti amadinditsa pasipoti pa Nyamapanda, kudutsa Tete, n'kukadinditsanso polowa m'Malawi. M'mapiri a Chongoni muli malo 127 a zojambula za pamiyala, amene UNESCO inawazindikira mu 2006. Zofiira n'zakale kwambiri, za Akafula, pamene zoyera anajambula ndi Achewa, ndipo zina zimakhudza chinamwali, zina nyau. Gule amene anzathu kuno amamutcha zvigure, ndipo ena a ife tinkachita naye manyazi kusukulu, mizu yake mumaiona pathanthwe ku Namzeze. Ku Mphunzi ndi ku Chencherere kumafikika mosavuta kuchokera pa boma la Dedza, koma mupeze munthu wa m'deralo wokutsogolerani chifukwa njira zake zimadutsa m'minda ya anthu, ndipo ngati mukupita mu Juni kapena Julayi mutenge juzi yokhuthala, pakuti kuzizira kwa ku Dedza sikusiyana ndi kwa kuno.