Za makapeti a ku Iran zija munafunsa

Achemwali mwafunsa kuti makapeti achi Persia amene ndimabweretsa ndimawatenga kuti, nanga olijino mungamudziwe bwanji poti bwana wanu akufuna imodzi ya pa sitting room. Ine ku Iran kwenikweniko sindipita ayi, makadi athu a banki sagwira kumeneko chifukwa cha ma sanction, ndimaoda kwa anthu aku Iran omwe ali ndi mashopu ku Dubai ndi ku Sharjah, makamaka mu msika wa ku Sharjah wa Central Souq muja ena amati Blue Souk, m'mwamba mwake muli makapeti ambirimbiri mpaka mutu kuzungulira.

Choyamba musakopeke ndi pamwamba, tembenuzani muone kunsi. Olijino ndi yoluka ndi manja, mfundo zake zimaoneka imodziimodzi ndipo maluwa ali pamwamba aja amaonekanso kunsiko bwinobwino, mizere yake siyowongoka ngati yojambula ndi rula, pena yakhota pang'ono poti ndi munthu amamanga atakhala pansi miyezi yambirimbiri. Mukapeza kunsi anamatako nsalu ndi guluu isiyeni, imeneyo ulusi anachita kubayira ndi kamfuti, ikakalamba imayamba kuyoyoka fumbi loyera. Kenako gwirani mphonje zakumapeto zija. Pa yeniyeni mphonjezo ndi ulusi womwewo umene wayenda m'kati mwa kapeti yonse, pomwe ya makina amachita kusokerera pambuyo, msoko wake mumauona ndithu mukapinda.

Ine pa silika ndi pomwe ndinalirapo. Ulendo wanga woyamba wogulitsa wina anandithira tiyi, kundiyalira kakapeti konyezimira akuti silika wa ku Qom, mzinda wa ku Iran, ine maso gwa, ndalama kutulutsa osanenerera nkomwe, kufika kuno kasitomala wanga anazula kaulusi kamodzi pa mphonje nkukayatsa ndi machesi, kananunkha pepala lopsa mmalo mwa tsitsi lowauka. Inali viscose, ulusi wa ku fakitale wongofanana ndi silika. Silika ndi ubweya wa nkhosa zikapsa zimanunkha tsitsi ndipo phulusa lake limafumbutuka mukalitikita ndi zala. Mpamba wa ulendo umenewo unathera pompo, pano machesi sindiwasiya. Ndimatenganso kansalu koyera konyowa nkupukuta pofiira, kakatuluka kofiira ndiye kuti utoto wake udzasuluka tsiku loyamba kuchapa. Koma mukaona mtundu umodzi wasiyana pang'ono, apa wakuda apa wowala, musathawe, ogulitsawo amati abrash, ndi ubweya umene unanyikidwa mu utoto nthawi zosiyana.

Mayina a makapetiwa ndi a malo a ku Iran, Tabriz, Kashan, Isfahan, Nain, Kerman. Wogulitsa ya Tabriz mufunseni raj, ndi mfundo zimene zili pa masentimita 7, ndiye 50 raj ndi yothithikana kuposa 30 ndipo mtengo umakwera momwemo. Pa ya Nain amati 9 la, 6 la, 4 la, kuwerenga timaulusi tomwe apota pamodzi mu ulusi umodzi, apa nambala yochepa ndiye yodula. Kuli ina ya ubweya wautali yotchedwa Gabbeh imene amaluka a mtundu wa Qashqai cha ku Shiraz, yosachuluka maluwa, imeneyo ndi yomwe ndingakulangizeni ngati bwanayo ali ndi ana othamangathamanga m'nyumba.

Chenjerani ndi mawu oti Persian design, amenewo akutanthauza maluwa okha, kapetiyo mwina ndi ya makina yochokera ku Turkey kapena Belgium, kapena ya manja inde koma yolukidwa ku India kapena Pakistan. Pa lisiti alembe hand knotted, Iran, saizi ndi ulusi wake, lisitilo ndi lomwe a MRA adzalifune powerengera msonkho. Komanso nzolemera izi, ya mamita 2 kwa 3 ikudyerani makilo a chikwama chonse, ndiye ine zazikulu ndimatumiza pa cargo. Bwanayo akayeze kaye chipindacho ndi tepi munditumizire saizi pa WhatsApp ndisananyamuke.