Khadi la ku banki pa PlayStation, kapena tingokhala pa magemu a crack?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina wa ku Area 25 amene ali ndi kashopu koseweretsa magemu chakufupi ndi msika wa Nsungwi. Ali ndi ma PS3 atatu a jailbreak, othyoledwa loko kuti azisewera magemu okopera aja timati a crack, ndipo wangogula kumene PS4 chifukwa anyamata akudandaula kuti atopa ndi mpira wa osewera amene anapuma kalekale. Funso lake, nditalidula pang'ono, linali ili: "Mng'ono wanga akuti ndilumikize khadi langa la Visa ku akaunti ya PlayStation kuti tizigula magemu enieni. Koma ndimamva kuti makampani amenewa amaberedwa zinsinsi za makasitomala. Kodi si bwino kungokhala pa magemu a crack? Nanga malamulo oletsa kukopera amene azungu amakanganirana aja, tsiku lina sadzandipeza kuno?"

Achimwene, zimene munamvazo n'zoona, ndipo kampani ya makina muli nawowo ndi imodzi mwa amene anagwa chagada kwambiri. Pa 20 April 2011 Sony inazimitsa PlayStation Network mwadzidzidzi. Anthu ankangoganiza kuti ndi vuto la seva. Panapita masiku asanu ndi limodzi kampaniyo isananene kuti mbava za pa intaneti zalowa n'kutenga mayina, maadiresi, maimelo ndi masiku obadwa a maakaunti pafupifupi 77 miliyoni. Za makadi a ku banki inati manambala ake anali otsekedwa mwa chinsinsi, koma inalangizabe anthu kuti aziyang'anitsitsa ndalama zawo. Patangopita masiku ochepa zinadziwika kuti nthambi yake ina, Sony Online Entertainment, nayonso yaberedwa maakaunti oposa 24 miliyoni. Netiweki inakhala yozima milungu yoposa itatu. Chaka chomwecho Sega inaberedwa maakaunti oposa 1 miliyoni, ndipo mu November mbava zinafika pa nkhokwe ya makasitomala a Steam, sitolo ya pa intaneti ya magemu a pa kompyuta.

Chimene chinachitika izi zisanachitike ndiye chikukhudza ma PS3 anuwo. Mu 2010 Sony inachotsa pa PS3 mwayi woikapo Linux, chinthu chimene anthu ena anagulira makinawo. Akatswiri okwiya anayamba kufufuza mmene angatsegulire makinawo, ndipo kumayambiriro kwa 2011 mnyamata wa ku America, George Hotz, anaika poyera kiyi wachinsinsi wa PS3. Jailbreak imene akukuikirani anyamata a mu Malangalanga mizu yake ili pamenepo. Sony inamutengera Hotz kukhoti pogwiritsa ntchito lamulo la DMCA la 1998, limene limaletsa kuthyola loko amene kampani yaika pa katundu wake. Gulu la akatswiri othyola makompyuta lotchedwa Anonymous linabwezera posokoneza mawebusaiti a Sony, mlandu wa Hotz anaukambirana kunja kwa khoti mu April, ndipo mwezi womwewo kuba kwakukulu kuja kunachitika. Anonymous inakana kuti si iyo inaba. Kaya anaba ndani, chooneka n'chakuti kampani inali kalikiliki kulondera nkhokwe yake, pamene katundu amene makasitomala anaisungitsa anali m'chipinda cha chitseko chogwedera.

Si ine ndekha ndikutero. Mu January 2013 ofesi yoona zoteteza zinsinsi za anthu ku Britain, ICO, inapeza kuti kubako kukanapeweka mapulogalamu a Sony akanakhala atsopano, ndipo inailipiritsa chindapusa cha mapaundi 250,000. Sungani nambala imeneyo m'mutu. Mu 2022 Gary Bowser, wa ku Canada, amene ankagwira ntchito ndi gulu logulitsa zipangizo zotsegulira Nintendo Switch, anagamulidwa kukhala kundende miyezi 40, ndipo ndalama zonse zimene anauzidwa kubwezera Nintendo zinakwana madola 14.5 miliyoni. Bowser sanali mwana wosewera, inali bizinesi ndithu ndipo anavomera mlandu. Koma ikani zilango ziwirizi pa sikelo. Munthu mmodzi wothandiza kukopera magemu adzalipira mpaka kumanda. Kampani yotaya zinsinsi za anthu mamiliyoni inalipira ndalama imene kwa iyo ndi ya chingwa cha m'mawa, inapepesa makasitomala ndi magemu awiri aulere, kenako mu September 2011 inasintha mgwirizano wake kuti ovomereza asadzaisumire ngati gulu.

Tsono mkangano wa malamulo mukufunsawo unaphulika chaka chomwecho, mabala a April asanapole. Mu October 2011 phungu wa ku Texas, Lamar Smith, anabweretsa bilu yotchedwa SOPA, ndipo ku nyumba ya Senate kunali inzake, PIPA. Cholinga chinali mawebusaiti a kunja kwa America ogawa mafilimu, nyimbo ndi magemu okopera. Biluyo ikanalola kuti makampani a intaneti alamulidwe kutseka njira yopita ku webusaiti yoteroyo, Google iichotse pa zotsatira zake, ndipo makampani olipirira ndi otsatsa malonda asiye kuchita nayo bizinesi. Bungwe la makampani akuluakulu a magemu, ESA, limene Sony, Nintendo ndi EA ndi mamembala ake, linaikira kumbuyo biluyo. Ena opanga magemu, monga Riot Games ndi eni ake a Minecraft, anaitsutsa poyera. Nkhawa yawo inali yakuti webusaiti yonse ikhoza kufa chifukwa cha zimene munthu mmodzi waikapo, ndipo akatswiri a chitetezo anachenjeza kuti kuseweretsa DNS, kaundula amene amalozera kompyuta yanu ku webusaiti yoyenera, kukanafooketsa chitetezo cha aliyense. Pa 18 January 2012 Wikipedia ya Chingelezi inadzitseka tsiku lathunthu pokwiya. Pofika pa 20 January mabilu onse awiri anali ataikidwa pambali, ndipo ESA inabweza mawu ake tsiku lomwelo.

Choseketsa n'chakuti pakati pa masiku awiri amenewo, pa 19 January, boma la America linatseka Megaupload, ndipo mwini wake Kim Dotcom anamangidwa ku New Zealand. Anachita izi ndi malamulo amene analipo kale. Ndiye munthu ukadabwa kuti nanga SOPA ankaifunira chiyani, sungakhale wolakwa.

Musanditenge ngati ndikuti kukopera kulibe mlandu. Ife a kuno tikudziwa bwino mmene zimapwetekera. Tinaona oimba athu akutulutsa chimbale Lachisanu, pofika Lolemba chili m'ma burning centre onse kuyambira ku Kawale mpaka ku Chinsapo, mwini wake akukwera minibasi ndi ngongole ya ku studio. Gemu nayonso imapangidwa ndi anthu olandira malipiro, ndipo si onse ali ndi matumba a Sony. Chimene ndimakana ndi bodza lakuti gemu iliyonse yokopera ndi ndalama yotayika. Mwana wa ku Nsungwi amene amalipira ndalama zachitsulo kuti amenye mpira mphindi khumi sakanagula gemu ya madola 70, ngakhale mutatseka mawebusaiti onse a padziko. Gabe Newell, mkulu wa Valve, eni ake a Steam, ananena mu 2011 kuti kukopera nthawi zambiri kumabwera chifukwa wogulitsa sakufikira kasitomala bwino, ndipo anapereka chitsanzo cha Russia, kumene anthu ankati n'kwa akuba okhaokha koma kunasanduka msika waukulu atayamba kuwagulitsa moyenera.

Ife ndiye sanatifikire n'komwe. Mukamatsegula akaunti ya PlayStation, Malawi pa mndandanda wa mayiko palibe. N'chifukwa chake theka la Lilongwe pa PlayStation limakhala ku Johannesburg, pa adiresi ya hotela imene munthu sanagonepo. Apa ndi pamene funso lanu la khadi limadziyankha lokha. Sitolo ya Sony imafuna khadi la dziko limene akaunti inalembetsedwa, kotero Visa ya banki ya kuno kawirikawiri imakanidwa. Ndipo akaunti ikabedwa, mukadandaula ngati ndani? Munthu wa ku Ulaya ali ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu, GDPR, imene kuyambira 2018 imakakamiza kampani kunena za kuba pasanathe maola 72 ndipo chindapusa chake chimatha kufika 4 peresenti ya ndalama zonse zimene kampani yapeza pa chaka. Ife tili ndi Data Protection Act ya 2024, imene MACRA ndiyo ikuyang'anira, ndipo ndi poyambira pabwino kwa mabanki ndi makampani a mafoni a kuno. Koma kalata yochokera ku MACRA yonena za kasitomala amene pa mapepala ndi wa ku Johannesburg, ku likulu la Sony ku Tokyo sikagwedeza munthu. Tisaiwalenso kuti kuno kwathu, kumayambiriro kwa 2024, kusindikiza mapasipoti kunaima kwa milungu, ndipo Pulezidenti wa nthawiyo, Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti mbava zalowa m'makina a Immigration n'kumafuna dipo. Matendawa si a makampani a magemu okha.

Ndiye tingothawira ku crack? Apa ndiyankhe mosamala, chifukwa pali zinthu ziwiri zimene anthu amaziphatikiza. PS3 ya jailbreak imene siilowa pa intaneti, ilibe akaunti, ilibe khadi, palibe chimene mbava ingakubereni mmenemo kupatula kuinyamula usiku. Choopsa chili pa laputopu imene mumadawunilodera magemuwo. Ine zinandionekera zaka zingapo zapitazo. Mnyamata wina mu tauni anandiikira gemu ya mpira pa laputopu, nandiuza kuti ndizimitse antivayirasi kaye chifukwa "imanama". Ndinazimitsa. Patapita masiku anayi azakhali anga a ku Dedza anandiimbira kufunsa ngati ndatuluka m'chipatala, poti "ine" ndinali nditawalembera pa Facebook kupempha ndalama ya mankhwala. Kapulogalamu kobisika mu crack muja kanakokolola mapasiwedi onse amene ndinasunga mu browser. Mwamwayi azakhaliwo ndi aja sakhulupirira uthenga wolemba, amafuna amve mawu. Kuyambira pamenepo ndimaona kuti munthu wogawa gemu ya madola 70 kwaulere, ali ndi pena pamene akudyerapo, ndipo nthawi zina podyerapo pake ndi inuyo. Sony ikakutayirani zinsinsi imachita manyazi n'kulipira kenakake. Wa crack ndiye ntchito yake ndi yomweyo.

Za lamulo, Copyright Act ya 2016 imateteza mapulogalamu a kompyuta monga mmene imatetezera nyimbo ndi mabuku, choncho kupanga bizinesi ndi magemu okopera n'kulakwira lamulo la kuno, osati la ku America lokha. Sindikunamizani kuti n'zololedwa. Kunena zoona, ngakhale gemu yogula mwachilungamo chilolezo chake chimati ndi yosewera pakhomo, osati yolipiritsa anthu. Koma maloya a makampaniwa amathamangira nsomba zikuluzikulu, monga eni ake a Yuzu, pulogalamu yoseweretsa magemu a Switch pa kompyuta, amene mu March 2024 anavomera kulipira Nintendo madola 2.4 miliyoni n'kutseka. Amene angagogode pa shopu yanu msanga ndi a khonsolo kufuna laisensi ya bizinesi, kapena a COSOMA ngati mumaliza nyimbo kapena kuikira anthu nyimbo ndi mafilimu m'mafulashi. Chilango cha Sony chimene chingakufikeni ndi china: makina a jailbreak mukawalowetsa pa netiweki yawo, amatha kutseka akaunti ndi makina omwe, osatsegulanso.

Ndikanakhala inu, ma PS3 ndikanawasiya kutali ndi intaneti mpaka adzafe okha, ndipo PS4 ndikanaisunga yoyera. Khadi limene limasunga ndalama za bizinesi lisayandikire makina amene ana makumi atatu amagwira pa tsiku. Mbava yoyamba si ya ku Russia ayi, ndi mnyamata wa fomu 2 amene wapeza kuti akhoza kugula mapointi a gemu ya mpira ya FC ndi batani limodzi inu mutapita kukagula magetsi. Gulani ma voucher a dziko la akaunti yanu kwa munthu amene mukumudziwa, muziikamo ndalama yokwana gemu imene mukufunayo basi, ndipo muyatse zoti makina azifunsa pasiwedi pogula chilichonse. Madisiki ogwiritsidwapo kale ntchito ndi abwinonso kuposa mmene anthu amawaonera. Disiki mukhoza kuigulitsa mawa, pamene gemu ya pa akaunti ndi yobwereka chabe. Amene anagula The Crew ya Ubisoft anaphunzira zimenezi mu 2024, kampani itazimitsa maseva gemu n'kusanduka chikwangwani.

Akauntiyo ikhale ndi imelo yakeyake, osati ija imalandira mauthenga a ku banki, ndi pasiwedi imene simunaigwiritsepo ntchito kwina kulikonse. Kuba kwa mtundu wa 2011 kumapweteka kwambiri anthu a pasiwedi imodzi ponseponse, chifukwa mbava zimatenga imelo ndi pasiwedi zija n'kumakayesa pa zitseko zina. Yatsani chitetezo chofuna nambala yachiwiri polowa, ndipo ngati n'kotheka nambalayo izichokera mu app ya pa foni osati pa SMS, poti nkhani za anthu osinthiridwa SIM khadi tazimva zokwanira. Manambala osungira amene amakupatsani poyatsa chitetezocho alembeni m'kope la ngongole lija, osati m'foni. Mukafuna kudziwa ngati imelo yanu inatulukapo kale pa kuba kwina, lembani pa webusaiti ya Have I Been Pwned, ndi yaulere.

Ndatsala pang'ono kuiwala maakaunti "odzaza magemu" amene akugulitsidwa motchipa m'magulu a WhatsApp. Ena mwa iwo ndi omwe aja obedwa, eni ake ali ku Brazil kapena ku Poland akulimbana ndi Sony kuti awabwezere. Tsiku limene adzabwezeredwe, magemu onse pa PS4 yanu adzaoneka ndi kachizindikiro ka loko, ndipo nambala ya wogulitsa uja idzakhala isakupezeka. Mng'ono wanuyo mumuuze kuti maganizo ake ogula magemu enieni ndi abwino, koma ayambe ndi voucher imodzi ndi disiki ya mpira, khadi likhale m'chikwama.