Ma byte awiri amene akuchedwetsa driver yanu

Funso: A Mkonzi, ndalemba driver (pulogalamu yoyendetsa chipangizo) ya Ethernet ya Linux. Pa kompyuta ya x86 ikuyenda bwinobwino, koma pa ARM ya 32-bit liwiro latsika ndipo CPU ikungokhala yotanganidwa. Buffer iliyonse (malo a mu memory olandirira paketi) ndimaiyambitsa pa adiresi yogawika ndi 4. Ndalakwitsa pati?

Yankho: Vuto lagona pomwe mukuona ngati mwakonzapo. Mutu wa Ethernet uli ndi ma byte 14: 6 a adiresi ya kopita, 6 a kochokera, 2 osonyeza mtundu wa paketi. Buffer ikayambira pa adiresi yogawika ndi 4, mutu wa IP umagwera pa byte 14, ndipo ma adiresi a IPv4, omwe ndi ma byte 4 iliyonse, amapezeka pa 26 ndi pa 30. Onsewa sagawika ndi 4. CPU ya x86 imawerenga popanda kudandaula. Pa ARM, malamulo a CPU owerengera memory monga LDM ndi LDRD amakana adiresi yotere, kernel (mtima wa Linux) n'kusiya zomwe imachita kuti iwerenge pang'onopang'ono, paketi iliyonse. Tsegulani /proc/cpu/alignment, muone ngati nambala ya System, yosonyeza kuti kernel yachita zimenezi kangati, ikukwera mapaketi akamalowa.

Mankhwala ake ndi kusiya mpata wa ma byte awiri kumayambiriro kwa buffer, kuti IP iyambire pa 16. Gwiritsani ntchito netdev_alloc_skb_ip_align(), kapena skb_reserve(skb, NET_IP_ALIGN), skb (chosungiramo paketi mu Linux) ikadali yopanda kanthu ndipo musanapereke adiresi ku DMA (njira imene chip imalembera yokha mu memory). Chonde musalembe 2 nokha m'malo mwa NET_IP_ALIGN, chifukwa pa x86 ndi arm64 NET_IP_ALIGN ndi 0.  Za VLAN (chizindikiro chowonjezera pa mutu wa Ethernet) musade nkhawa: mutu umakhala ma byte 18, kuphatikiza 2 ndi 20, yogawika ndi 4.

Koma musanasinthe kalikonse, werengani datasheet (buku lofotokoza chip yanu ya Ethernet), pakuti apa m'pamene ambiri amapunthwa. Ma chip ena salemba pa adiresi yosagawika ndi 4. Amangonyalanyaza ma bit awiri omaliza, ndiye paketi imatera ma byte awiri m'mbuyo mwa pomwe mukuiyembekezera, driver n'kumawerenga zinyalala popanda uthenga uliwonse wosonyeza vuto. Ena amatha kuika okha mpatawo, monga FEC, chipangizo cha Ethernet cha kampani ya Freescale, mukayatsa bit yake ya SHIFT16, ndipo njira imeneyi ndiyo yabwino koposa ikakhalapo. Ikasowa, koperani paketiyo mu skb ina yoyikidwa bwino. Kukoperako kumadya nthawi ndithu, komabe n'kopepuka poyerekeza ndi kernel kuima paketi iliyonse.

Chinanso chimene simunafunse koma chingakuvutitseni: pa ma ARM ambiri a 32-bit, DMA siiona zomwe zili mu cache, memory yaing'ono yothamanga ya CPU. Buffer isagawane mzere wa cache, womwe nthawi zambiri ndi ma byte 32 kapena 64, ndi deta ina, apo ayi chimodzi chidzafufuta chinzake mwa apo ndi apo. Buffer musaiike pa stack (memory yosungira zinthu za kanthawi za function), ndipo itanani dma_unmap_single() CPU isanakhudze paketiyo.