Mwana wokangana ndi aphunzitsi ndi wodwala?

Mayi, mwafunsa ngati madokotala a zamaganizo amatha kumutcha munthu wodwala chifukwa chongokana kugonjera akuluakulu, poti mnyamata wanu auzidwa kuti ali ndi ODD (vuto la khalidwe lokonda kutsutsa ndi kusamvera akuluakulu) atakangana ndi aphunzitsi kangapo. Nkhawa yanuyo si yachabe, zoterezi zinachitikapo ndithu.

Mu 1851 dokotala wina wa ku Louisiana, Samuel Cartwright, analemba kuti kapolo wothawa mbuye wake ndi wodwala, nthendayo naitcha drapetomania. Njira yoipewera, mwa nzeru zakezo, inali chikwapu. Ku South Africa kunali mayi Nontetha Nkwenkwe, mlaliki wa Chixhosa amene anthu ankamutsatira miyandamiyanda. Boma la azungu litamuopa, linamutsekera m'chipatala cha amisala ku Fort Beaufort mu 1922, kenako n'kumusamutsira kutali ku Pretoria. Omutsatira ena anayenda wapansi mtunda wonsewo kuti akangomuona. Anamwalirira konko mu 1935, ndipo mafupa ake anabwerera kwawo mu 1998.

Ku Soviet Union ndiye kunanyanya. Dokotala Andrei Snezhnevsky ankaphunzitsa za schizophrenia (nthenda yosokoneza maganizo) yobwera mwakachetechete, yoti munthu aoneka wabwinobwino koma chizindikiro chake n'kufuna kusintha dziko. Mkulu wa asilikali Pyotr Grigorenko atayamba kudzudzula boma anamutsekera m'chipatala cha amisala mu 1964, n'kudzamugwiranso mu 1969 poikira kumbuyo anthu a mtundu wa Crimean Tatar. Madokotala a maiko ena atakwiya nazo, bungwe la madokotala a ku Soviet linachita kutuluka lokha mu World Psychiatric Association, bungwe la madokotala a zamaganizo pa dziko lonse, mu 1983, lisanachotsedwe.

Komatu musathawe nazo chipatala. ODD inalowa m'buku la madokotala la DSM mu 1980, ndipo bukulo limafuna kuti khalidwelo likhale litatha miyezi isanu ndi umodzi, mwana akupsa mtima pafupipafupi, akuputa anthu dala, akusunga mangawa, mpaka moyo wake kusokonekera. Kukangana kokha sikukwanira.

Ine ndikanakhala inu, ndikanabwerera kwa amene ananena za ODD-yo ndi mafunso. Kodi anacheza ndi mwanayo payekha, kapena anangowerenga kalata ya kusukulu? Kunyumba amatero? Ndi aphunzitsi onse kapena mmodzi? Anamuyeza makutu ndi maso, anaonanso za ADHD, vuto lolephera kukhazikika ndi kuika maganizo pa chinthu chimodzi? Mwana wosamva bwino kapena wovutitsidwa ndi anzake amaoneka wamwano msanga. Madzulo ano mukhale naye pakhonde, foni pambali, mumufunse kuti tsiku loyamba kukangana ndi mphunzitsiyo chinachitika n'chiyani.