Ndiike turbo mu 86 yanga kapena ndingoigulitsa?

Imelo ya sabata ino yachokera ku Joni. Mnzathu wina wogwira ntchito ku Midrand ali ndi Toyota 86 ya 2013, akuti amaikonda kwabasi, koma watopa kusiyidwa pamaroboti ndi anyamata a Golf GTI. Wasungako kandalama, ndiye akufunsa: aikemo turbo, kapena aigulitse, awonjezere, agule yothamanga kale?

Achimwene, ndiyambe ndi chimene chikukudyetsani fumbi. Injini yanuyo ndi FA20 ya malita 2, yopangidwa ndi Subaru, ndipo imatulutsa mphamvu ya 147 kW ndi mphamvu yokokera ya 205 Nm. Golf 7 GTI ili ndi 162 kW, sikuti yakuposani kwambiri, koma ili ndi 350 Nm zobwera munthu akangoponda. Yanu imadikira singano yoonetsa kuzungulira kwa injini ifike cha ku 6,400 kuti idzuke bwinobwino, ndipo cha pakati apo, kufupi ndi 4,000, imachita ngati yatsamwa. Eni ma 86 ambiri amadandaula zomwezo.

Kuwonjezera apo mukukhala pamtunda. Johannesburg ili pafupifupi mamita 1,750 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, mpweya wake ndi wopepuka, moti injini yopanda turbo imataya mphamvu pafupifupi 17 peresenti. Ya turbo imadzikankhira yokha mpweya, kotero imataya zochepa. Mudzapite nayo ku Durban, mudzadabwa ngati ndi yomwe ija.

Ndiye mungati turbo basi. Dikirani kaye. FA20 imapanikiza mpweya 12.5:1, yomwe ndi nambala ya injini yopuma yokha, yopanda turbo. Kuikamo turbo kumatheka, ambiri achita, koma mtengo umene akuuzani kushopu uja ndi chiyambi chabe. Kilatchi yakale iyamba kuterera. Oyilo ayamba kutentha, mufunika chozizitsira oyilo. Mufunika munthu wodziwa kutchuna pa dyno, makina oyezera mphamvu ya galimoto, ndipo petulo wa 93 mumuiwale, ndi 95 yekhayekha. Ine ndinaonapo pagalaja ina konirodi ya injini yotereyi, chitsulo chogwira pisitoni, itaikidwa panyuzipepala, yopindika ngati nthochi, chifukwa wotchuna anafuna kusangalatsa kasitomala ndi manambala. Mwini wake anakwera takisi miyezi itatu.

A inshuwalansi nawo muyenera kuwauza. Mukabisa, tsiku la ngozi akatsegula boneti n'kuona mapaipi achilendo, akhoza kukana kulipira. Pogulitsa ndiye musayembekeze kuti ndalamazo zibwerera. Wogula akaona turbo yoikidwa amangoti galimotoyi yazunzidwa, n'kutsitsa mtengo.

Maganizo anga ndi awa: ngati chikukuwawani ndi maroboti, igulitseni. Gulani imene inabadwa ndi turbo kufakitale, yomwe kilatchi, mabuleki ndi redieta zake anaziyezera mphamvu imeneyo. GR86 ya malita 2.4, yomwe inalowa m'malo mwa 86, ndi yabwino, 250 Nm zake zimafika pa 3,700, koma nayo ilibe turbo, mtunda wa Joni uilanda gawo lake chimodzimodzi.

Komabe m'kalata yanu mwatchula kawiri kuti mumaikonda, n'chifukwa chake ndikukayika ngati mungagone tulo mutaigulitsa. 86 anaipangira makona. Inatuluka ndi matayala a Michelin Primacy HP, amene ankaikanso pa Prius zina, mwadala, kuti kumbuyo kuziterera msanga. Yambani ndi matayala ogwira, mapadi abwino ndi oyilo wa mabuleki wopirira kutentha. Ikatsala ndalama, sinthani manifolodi ya ekizozi n'kutchuna pang'ono, kutsamwa kwa pa 4,000 kuja kumachepa. Kenako kalipireni tsiku limodzi ku Zwartkops, bwalo la mpikisano wa magalimoto kufupi ndi Pretoria, muthamange pamalo popanda oyenda pansi. Mukatuluka kumeneko mukulakalakabe GTI, ikani chikwangwani pawindo.

Kuitsitsa kuti iyandikire pansi kokha musayerekeze ngati Disembala mumapita nayo kumudzi. Beitbridge, Tete mpaka Mwanza, mahampu ndi maenje ake, bampala mukafika nayo itamangidwa ndi waya.